Madzi a kwa Kamphambe

Chigubu cha kolorini chinalipo, ndipo palibe amene ankatsutsa. Chinali choyera, cha chivundikiro chabuluu, chitakhala phee pakona m'sitolo ya pulojekiti ina ya zaumoyo pa boma la Mchinji. A Vitus, osunga makiyi a sitoloyo, ankachipukuta fumbi Lolemba lililonse ndipo anali atachizolowera ngati mbale wawo.

Consolata Nyendwa anachiona pawindo m'mawa wa Lachinayi lina m'mwezi wa Malichi 2003. Iye anali mlangizi wa zaumoyo wa mudzi wa Kamphambe, cha ku Mkanda uko, ndipo anali atapalasa njinga maola anayi m'matope.

"Ndi chomwecho, mayi," anatero a Vitus. "Makiyinso ndi awa, ali m'thumba mwangamu. Koma fomu."

"Fomu ndalemba kale, bambo."

"Mwalemba, inde. Koma a Likongwe asayina?"

A George Likongwe anali mkulu wa pulojekitiyo. Popanda dzina lawo pafomu, ngakhale tsache silinkatuluka m'sitolomo.

Tsono nkhani inali yotere. Kwa Kamphambe kunagwa kolera. M'masiku asanu ndi anayi anthu atatu anali ataikidwa m'manda, ena khumi ndi anayi ali gone. Consolata anayenda khomo ndi khomo ndi kope lake lachikuto cholimba, kulemba dzina la nyumba, odwala, ndi komwe nyumbayo imatunga madzi. Odwala onse ankamwa pachitsime cha kudambo. Nyumba za kumtunda, zotunga pamjigo wa kusukulu, zinalibe ngakhale mmodzi wotsegula m'mimba. Anauza anthu kuti aziphitsa madzi, koma nkhuni za m'dzinja ndi utsi wokhawokha, ndipo mjigowo unali kutali moti mayi akapita m'mawa ankabwera dzuwa lili paliwombo. Chofunika chinali kolorini, kuti asungunule n'kumathira mumtsuko uliwonse m'mudzimo.

Mwana wake Rozi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamusiya kwa akulu ake, a Anasi, nyumba yachitatu kuchokera pachitsimepo. Anamugwira khutu pomulangiza kuti asalawe madzi osaphitsa, namulonjeza kuti abwera dzuwa lisanalowe. M'chikwama anatenga kope lija, fomu, ndi botolo la madzi a pachitsimepo, kuti mabwana aone ndi maso awo. Madziwo anali atadikha m'njira, ali mbee ngati a m'sitolo.

"A Likongwe ali kuti?" anafunsa.

"Kuwekishopu, ku Motelo ya Mpumulo. Onse ali komweko. Akuphunzira zolimbana ndi matenda."

Pakhomo la moteloyo panali chinsalu cholembedwa zilembo zikuluzikulu: KUPHUNZITSA OPANGA MFUNDO KUPEZA NDI KUGWIRITSA NTCHITO UMBONI POLIMBANA NDI MATENDA OPATSIRANA. Pansi pake panakhala mlembi wa wekishopu, mayi wa nkhope yodandaula. Ataona Consolata anadzuka ngati waona mvula m'chilala.

"Mulungu ndi wabwino! Ndinu mzimayi!"

"Ndikufuna a Likongwe, mayi. Ndi za kolera."

"Muwapeza m'katimo. Tamverani, otithandiza akunja amafuna kuti pa anthu atatu alionse, mmodzi akhale mzimayi. Takhala tikuperewera ndi mmodzi kuyambira Lachiwiri, ndipo mawa kubwera wojambula zithunzi." Akulankhula choncho anali atamubaya kale baji pachifuwa. Inalembedwa kuti DOKOTALA IVY NAMAKHWA.

"Inetu si dokotala."

"Palibe wakufunsani. Eni akewo galimoto inawatitimira ku Namitete. Lowani."

M'holomo munali abambo a mataye oposa makumi awiri ndi amayi owerengeka, aliyense ndi botolo lake la madzi patebulo. Lamulo la wekishopu linali loti wochedwa avine. Consolata anali atachedwa ndi masiku awiri ndi theka, ndiye anamuvinitsa nyimbo ziwiri, matope akugwa kumiyendo, mabwana akuwomba m'manja. Anavina mtima uli kwa Kamphambe, ndipo manyazi amene anamva anali osakanikirana ndi ukali.

Mphunzitsi anali mayi Bertha Msiska, mayi wochepa thupi wochokera kumpoto, amene ankaoneka kuti ndi yekhayo wokhulupirira zolembedwa pachinsalu chija. Anajambula chulu papepala lalikulu. Pamwamba pa chulucho, anatero, pamakhala umboni wa giredi A, wochokera ku kafukufuku wambirimbiri woikidwa pamodzi. Kutsika m'munsi umboni umapepuka, mpaka patsinde pomwe pamakhala maganizo chabe a akatswiri.

"Cholinga si kuloweza chulu," anatero mayi Msiska. "Cholinga n'chakuti musanagamule kanthu, mudzifunse kuti ndikudziwa bwanji."

Consolata anakweza dzanja. "Nanga kope limene munthu walembamo odwala khomo ndi khomo, limakhala pati pachulupo?"

Maso a mayi Msiska anawala. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo wosunga nthawi anagogoda supuni pabotolo. Wosunga nthawiyu anali a Timoteyo, bambo wamimba yake amene ntchito yawo yeniyeni inali yoyang'anira mapulani, koma sabata imeneyo anaika mtima wonse pa supuniyo. Inali nthawi ya tiyi, ndipo pa wekishopu tiyi sadikira kolera.

Consolata anawapeza a Likongwe pamzere wa mandasi. Iwo anayang'ana baji kaye, kenako nkhope.

"Adokotala! Mwafika bwino? Misewu yathuyi mutikhululukire."

"Bwana, ine ndine Consolata Nyendwa, mlangizi wa kwa Kamphambe. Anthu atatu amwalira. Ndikupempha musayine fomuyi, a Vitus andipatse kolorini."

A Likongwe sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chinkapweteka. Anaika mandasi pansi, nawerenga fomu yonse mwachifatse, napukusa mutu mwachisoni.

"Mukanabwera Lolemba ndikanasayina osaganiza n'komwe," anatero. "Umo ndi momwe tinkachitira kale, mwachimbulimbuli. Koma pano taphunzira. Dzulo lomweli tagwirizana kuti m'sitolo simutuluka kanthu popanda umboni. Taonani, tawonjezera kabokosi." Analoza kabokosi kojambula ndi bolopeni pansi pa fomu ina: GIREDI YA UMBONI. "Wanuwo ndi wa giredi yanji?"

"Ndi maliro atatu, bwana."

"Pepani kwambiri. Koma maliro pachulu paja sindinawaone. Masana ano tikhala pa kompyuta. Tikaupeza umboni, ndisayina ndi manja awiri."

Kompyutayo inachokera ku Lilongwe itakulungidwa m'bulangete. Anailumikiza ku lamya ya moteloyo, ndipo inalira kaye ngati nkhumba yomangidwa panjinga isanavomere kulowa pa intaneti. Anthu anaunjikana kumbuyo kwa a Timoteyo, amene ankalemba ndi chala chimodzi, lilime lili kunja. Mwaulemu wa adokotala, anayamba ndi funso la Consolata. Analemba kuti kolera Kamphambe, nadikira mphindi zisanu ndi ziwiri.

Sipanatuluke kanthu.

"Mwaona?" anatero a Timoteyo, akutembenuka monyadira. "Tafufuza dziko lonse lapansi. Kwa Kamphambe kulibe kolera."

"Ayi, ayi, bambo," anatero mayi Msiska. "Kusapeza cholembedwa sikutanthauza kuti chinthucho kulibe. Kukutanthauza kuti..."

Apo mkazi wa mwini motelo analowa n'kuzula chingwe, chifukwa ankayembekeza lamya yochokera ku Chipata yokhudza nsalu zake. Atabwezera chingwecho, nkhumba ija inaliranso, ndipo ulendo uno anapeza nkhani yeniyeni. Kudziko lina la ku Asia, akatswiri anapeza kuti kusefa madzi ndi nsalu imene amayi a kumeneko amavala, yotchedwa sari, kumachepetsa kolera. M'holomo munamveka chisangalalo ngati timu yachinya.

"Ndiye tiwauze amayi azisefa ndi chitenje," anatero Consolata, "uku tikuthira kolorini."

"Pang'onopang'ono, adokotala," anatero a Timoteyo. "Kafukufukuyu wanena sari. Chitenje chilibe umboni."

Anakambirana ola lathunthu. Wina anati aitanitse masari zikwi ziwiri. Wina anafunsa ngati sari amagwira ntchito akavalidwa ndi mzimayi wachikhristu. Pomaliza anasankha komiti ya anthu asanu yoti ikaone kusiyana kwa sari ndi chitenje, n'kudzapereka lipoti m'mwezi wa Juni. Mayi Msiska anakhala pampando atagwira tsaya, ngati munthu amene wabzala chimanga n'kumera kaufiti.

Consolata anaimirira osapatsidwa mpata. "Nanga kolorini wa kwa Kamphambe?"

Pakhoma panali pepala lolembedwa kuti PAKING'I, pomwe ankaimikapo mafunso osakhala pa ndondomeko ya tsikulo. Mlembi analemba kuti Kamphambe, naliimika pamenepo, pansi pa funso lokhudza kuchepa kwa nyama pa nkhomaliro. A Likongwe analonjeza kuti zonse za papaking'i ziyankhidwa mawa potseka.

Akanatha kubwerera tsiku lomwelo, koma akanakafika ndi chiyani? Anagona kwa a Vitus, pamphasa limodzi ndi ana awo aakazi, ndipo m'mawa anadzuka thupi lonse likuphwanya.

Lachisanu m'mawa, ali panjira yopita kumotelo, anamva wina akumuitana kumsika. Anali a Esitele a kwa Kamphambe konko, amene ankabwera pa boma kudzagulitsa chimanga chachiwisi.

"Anyendwa! Mukadali kuno? Akulu anutu ayamba dzulo madzulo. Akungotsegula ngati mpopi."

"A Anasi?"

"Omwewo. Tawagoneka, tikuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga momwe munatiuzira."

"Nanga Rozi?"

"Ali bwino, akusewera. Ndi mwana wochangamuka uja. Ndi amene akuthandiza pakhomopo."

Consolata ankadziwa tanthauzo la kuthandiza pakhomo pamene wamkulu wagona. Ndowa imasowa woinyamula, ndipo chitsime chinali nyumba zitatu zokha. Anachita mantha enieni, oti sanawamvepo chiyambire ntchitoyi. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'holo muja munalibe wina aliyense amene m'mimba munkamupota.

Mwambo wotseka unayamba mochedwa chifukwa wojambula zithunzi anafuna kuti amayi akhale mosakanikirana ndi abambo, kuti azioneka ochuluka. Kenako a Likongwe anaima kutebulo lapamwamba n'kuyamba kuwerenga mfundo zomwe anagwirizana. Zinalipo makumi awiri ndi zitatu. Atafika pa mfundo ya khumi ndi chisanu, yokhudza masari, mawu anayamba kusasa, nakhosomola.

Mlembi uja anamukodola Consolata. "Adokotala, pepanitu. Tathandizani kukapereka madzi kutsogoloku. Sizioneka bwino kuti apereke mwamuna."

Udokotala wa mzimayi umathera pamenepo. Consolata anatenga tambula yoyera patebulo la kumbuyo. Anayang'ana mabotolo a m'sitolo atandandalika pamenepo, kenako anayang'ana chikwama chake. Anatulutsa botolo lake lija, nadzaza tambulayo mpaka m'milomo. Anayenda pakati pa holo, nagwada pamaso pa a Likongwe monga analeredwera, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Zikomo, adokotala," anatero a Likongwe, akukweza tambula.

"Musanamwe, bwana," anatero Consolata, ndipo anakweza mawu kuti amve ndi a kumbuyo omwe, "ndi bwino mudziwe komwe achokera. Madziwa ndatunga pachitsime cha kudambo kwa Kamphambe."

Tambula inaima pakati pa chifuwa ndi mlomo. Wojambula anati, "Gwirani pomwepo, bwana," najambula.

"Dzulo tinafufuza dziko lonse," anapitiriza Consolata, akadali chigwadire. "Tinapeza kuti kwa Kamphambe kulibe kolera. Madziwa alibe mlandu uliwonse wolembedwa. Imwani, bwana, kukhosi kwauma."

A Likongwe anayang'ana madziwo. Anali oyera bwino, opanda ngakhale kachitsotso.

"Ine... mwambo wathu umati wamkulu sayamba," anatero, napatsira a Timoteyo. "Inu ndi amene munafufuza."

A Timoteyo anailandira ndi nsonga za zala. "Ndili pa Lenti, bwana."

"Mwadya mandasi anayi m'mawa uno," anatero a Likongwe.

"Ndinasala madzi okha."

Tambula inayamba ulendo. Wachitatu anati adokotala ake anamuletsa zozizira. Wachinayi anati iye ndi wa m'komiti ya masari, ndiye sangamwe lipoti lisanatuluke. Wina anati kwawo samwa madzi operekedwa Lachisanu. Wina anangobisa manja pansi pa tebulo, tambula n'kumudumpha ngati mbale ya chopereka. Madzi pang'ono anatayikira patebulo lina, ndipo abambo atatu a mataye analumpha ngati aona njoka, mpando umodzi n'kugwa. Tambulayo inazungulira holo yonse osachepa ndi dontho lomwedwa, mpaka inafika kwa mayi Msiska.

Iwo anaiika pansi bwinobwino. "Mayi, dzulo munanena za kope. Lili pomwepo?"

Consolata anadzuka n'kuwapatsa. Mayi Msiska anatsegula masamba mmodzimmodzi, chala chikutsata mizere ya pensulo, milomo ikuwerenga chamumtima. Kenako anang'amba pepala la chulu lija pathabwa, natenga cholembera. Kumanzere analemba kuti nyumba zotunga kudambo, makumi atatu ndi imodzi, odwala khumi ndi asanu ndi awiri. Kumanja, nyumba zotunga pamjigo, makumi awiri ndi ziwiri, odwala palibe.

"Khumi ndi asanu ndi atatu," anatero Consolata. "Akulu anga ayamba dzulo."

Mayi Msiska anakonza nambalayo. Kenako anatembenukira anthu aja mwaukali.

"Masiku anayi ndakhala ndikuuma pakhosi kukuphunzitsani chinthu chimodzi, ndipo amene wachichita ndi munthu amene munamuvinitsa. Anafunsa funso, anayenda, anawerenga, anafananiza. Zoti kolorini amapha kolera m'madzi zinadziwika inu musanabadwe. Mukufunanso chiyani, a Likongwe?"

A Likongwe anali akupukuta zala pathalauza. Anapempha fomu, nasayina. Pakabokosi kaja anaima.

"Ndilembe giredi yanji?"

"Lembani iliyonse imene itsegule chitseko."

Analemba A wamkulu, namudinda chidindo kawiri. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati a Vitus angapungule kolorini pang'ono m'kapu, kuti onse amene anagwira tambula asambe m'manja. Pempho limeneli linavomerezedwa ndi holo yonse popanda komiti.

Sanamulole kutuluka asanalandire satifiketi. Inalembedwa dzina la Dokotala Ivy Namakhwa, ndipo a Likongwe atamupatsa sanamugwire chanza, anangowerama, manja ali kumbuyo. Galimoto ya pulojekiti inalipo, mafuta analimo, koma inali yoti ibweze kompyuta ku Lilongwe isanagwidwe ndi chinyezi. Choncho a Vitus anamanga chigubu chija pakaliyala ya njinga ndi malegeni atatu, nachisisita pachivundikiro.

"Muchisamale, mayi. Chakhala nafe zaka ziwiri."

Ulendo wa maola anayi unatenga asanu ndi limodzi. Chigubu chinkakokera njinga kumbali, ndipo m'malo otsetsereka Consolata ankatsika n'kumakankha, matope akumeza nsapato. Mvula inamupeza kawiri. Satifiketi ija anafunditsa pachivundikiro kuti madzi asalowe, ndipo pa ntchito imeneyo inathandiza ndithu.

Anafika kwa Kamphambe dzuwa litapendeka. Sanamve kulira kwa maliro, ndipo mtima unatsika pang'ono. Njira yolowera m'mudzi inkadutsa m'mphepete mwa dambo. Ali pomwepo anaona kamunthu kakukwera kuchokera kuchitsime, kandowa kali pamutu, manja onse awiri atagwira m'mbali, madzi akukhavukira pamapewa.

"Rozi!"

Njinga anangoitsamiritsa pamtengo. Anathamanga, nalanda ndowayo, nakhuthulira madzi onse muudzu. Mwanayo anadabwa, kenako anaseka poona amayi ake ali matope mpaka m'makutu.

"Amayi aakulu ali ndi ludzu," anatero Rozi. "A Esitele anati tiziwaphitsira. Ulendo wachitatu uno, ndekha." Maso ake anagwera pa baji ija, yomwe inali ikadali pachifuwa. Anali atayamba kumene kuwerenga kusukulu, ndiye anatchula pang'onopang'ono. "Do-ko-ta-la. Amayi, mwakhala dokotala?"

Consolata anagwada m'matopemo, namugwira mapewa onse awiri.

"Rozi, tandiyang'ana. Iweyo wamwako madzi a pachitsimepa?"

Mwanayo anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi.

"Munati mubwera dzulo," anatero. "Ndamwa pang'ono pokha, amayi. Ndi m'manja."